Kalenzi kopanira pa foni kaja, patatha miyezi 9

Amene munkandifunsa kuti kalenzi ka macro kaja, kojambulira tinthu ting'onoting'ono pafupi kwambiri, kakadalipo, eya kalipo, koma kakalamba. Ndinakagula mu Juni pa mtengo wa nkhuku imodzi ya lokolo, kamabwera ndi chopanira ngati cha zovala pachingwe, umangokapanira pa kamera ya foni basi. Masabata awiri oyamba ndinkaona ngati andibera, chithunzi chilichonse chimatuluka mbuu. Vuto linali ine. Kalenzi aka kamafuna uyandikire mpaka masentimita awiri kapena atatu, ndipo pamene pamaoneka bwino ndi pang'ono kwambiri, ukajambula nyerere mutu uoneka koma miyendo yakumbuyo yasowa kale. Ukapuma mwamphamvu fokasi yathawa.

Ndiye ndinasiya kudina sikirini kuti foni ipeze yokha fokasi, pano ndimayendetsa foni yonseyo pang'onopang'ono kutsogolo ndi kumbuyo, zigongono nditatsamiritsa pansi, kenako ndijambula zambiri motsatizana, pa 30 zabwino zimakhala mwina ziwiri. Sitoleji imalira, mudziwiretu.

Ndinayambira kukhitchini. Mchere wa pa tebulo ndi timabokosi ta ngodya zofanana ngati wina anachita kudula, shuga saoneka choncho. Nkhope ya mayi Rose Chibambo pa K200 si utoto wongopaka ayi, ndi timizere ndi timadontho tambirimbiri. Chitenje cha madam ulusi wake umaoneka ngati zingwe zomangira ng'ombe, iwowo sanasangalale nacho chithunzicho.

Okutobala anandivuta ndi fumbi, kafumbi kamodzi pa lenzi kamaoneka ngati mwala pa chithunzi. Komanso dzuwa la masana silithandiza, foni imaphimba chinthu chomwe ukujambulacho ndi mthunzi wake womwe chifukwa wayandikira kwambiri, fulashi nayo imangowalitsa mbali ina. Nthawi yabwino ndi cha m'ma 6 mamawa kuwala kukubwera cham'mbali, mame akadali pa udzu, ndipo tizilombo timakhala tisanachangamuke ndi kuzizira. Mvula yoyamba itagwa ngumbi zinatuluka, anthu ali kalikiliki ndi mabeseni ine nditagona chafufumimba pakhonde kujambula phiko. Mapiko ake ndi anayi ofanana kutalika, timitsempha take ngati tsamba louma. Aneba anafunsa madam ngati ndili bwinobwino.

Koma pomwe kanandibwezera ndalama yanga ndi mu Januwale. Chimanga cha kuseri kwa nyumba masamba anayamba kubooka, mu nsonga muli zinthu ngati utuchi wonyowa. Ndinatulutsamo kambozi kakang'ono, ndi maso sumaona kanthu, kambozi basi. Pa lenzi ndinaona pamutu pake chizindikiro ngati Y wozondoka, ndipo chakumchira timadontho tinayi takuda tokhala ngati ngodya za bokosi. Imeneyo ndi fall armyworm, ntchemberezandonda zachilendo zija zinatisautsa kuyambira cha m'ma 2017, osati kapuchi amene ndinkaganizira. Ndinatumiza pa WhatsApp kwa alangizi, anayankha kuti "ndi zomwezo bambo, musachedwe." Patatha masiku ndinapezanso mazira ake kunsi kwa tsamba, mulu umodzi wokutidwa ndi tiubweya totuwa, chinthu chomwe ndakhala ndikuchidutsa zaka zonsezi.

Zoipa zake nazi. Sipuling'i ya chopanira inafooka mwezi wachisanu, pano ndimamangira ndi labala. Kavala ya foni uyenera kuvula kaye apo ayi m'mbali mwa chithunzi mumada. Foni yanga ili ndi makamera atatu ndiye nthawi zina imasintha yokha kupita ku kamera ina, lenzi n'kutsala pa yolakwika, zimakwiyitsa kangaude atakuimira bwinobwino. M'mphepete mwa chithunzi simunakhalepo shapu chigulireni, pakati pokha. Ndipo kachivindikiro kanatayika kalekale, kalenziko ndimakasunga m'bokosi la machesi muli kansalu.

Ndingagulenso? Eya, koma kopangidwa ndi galasi, chifukwa kapulasitiki aka kayamba kukalika. Chomwe ndikusakabe ndi kangaude wodumpha uja wa pa khoma la bafa, wa maso awiri akuluakulu kutsogolo. Amatembenuka kundiyang'ana, ndikangoyandikira adumphira pa lenzi penipenipo. Kanayi tsopano.