Tikiti ya £1 kwa olandira thandizo la boma, kapena kulowa ulere kwa aliyense?

Ku London, kuyambira 2022, munda wa Kew Gardens umalowetsa olandira Universal Credit (thandizo la ndalama la boma la Britain kwa opeza zochepa) pa £1 yokha. Tower of London, nyumba yakale yachifumu yomwe anthu amakaona, nayonso imatero. Ubwino wake, thandizo limafika kwa ovutikadi, ndipo ena mwa iwo amagwira ntchito za malipiro ochepa, si alesi monga ena amanenera. Koma mayi amene malipiro ake apitirira malire pang'ono chabe amalipira mtengo wonse, apo ayi ana ake amangosuzumira pageti. Zimenezi zimandiwawa.

Ine ndimakonda njira ya Natural History Museum, nyumba yoonetsera zachilengedwe ya ku London komweko, yomwe sinalipiritsenso munthu pakhomo kuyambira 2001. Palibe woonetsa kalata ya boma pakhomo, palibe manyazi. Vuto lake, misonkho imalipiriranso olemera omwe akanatha kudzigulira tikiti.