Chithunzi ndi chabwino, koma anandipukutira kobiri la agogo

A situdiyo yojambula zithunzi ya ku Limbe ndawapatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu. Tsiku lomwelo ndikanalemba ndikanawapatsa imodzi, koma ndadikira sabata yathunthu kuti mtima utsike kaye.

Ndimasonkhanitsa ndalama zachitsulo zakale, papita zaka zoposa khumi. Anzanga ambiri amene timachita nawo zimenezi saika nkhope zawo pa WhatsApp ndi pa Facebook, amaika ndalama imene amaikonda. Wina ali ndi tambala wa pa 1 tambala ya 1971, wina chimanga cha pa shileni ya 1964, wina nkhwazi ya pa K1. Ukangoona chithunzicho umadziwiratu kuti uyu mtima wake uli pa ndalama za nthawi ya Kamuzu, uyu pa za chitaganya, uyu pa za masiku ano. Ndipo poti malo oikapo chithunzi ndi ozungulira, ndalama imakhalapo bwino ngati chivundikiro pa mphika wake.

Ine ndinkafuna kuika kobiri la chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland la 1957, lobowoka pakati lija, lokhala ndi njovu ziwiri uku ndi uku kwa bowo, chisoti chachifumu pamwamba. Si kobiri losowa ayi, ogulitsa zakale amakhala nawo ambiri. Koma ili linabwera m'thumba mwa agogo anga aamuna pochokera ku Salisbury (Harare wa masiku ano) kumene ankagwira ntchito, ndipo agogo aakazi analisunga m'kachitini ka mabatani mpaka tsiku limene anandipatsa. Mkuwa wake unali utada bwino, mtundu wa khofi wokazinga, wosalala, wopanda dzimbiri lobiriwira lija. Mtundu umenewo subwera tsiku limodzi, umabwera ndi zaka zambirimbiri.

Foni yanga inalephera. Ukayandikitsa imachita chimbuuzi, ukayatsa fulashi kobiri limangowala mbee, njovu osaoneka. N'chifukwa chake ndinapita ku situdiyo ija ya m'chipinda cham'mwamba ku Limbe, yomwe ambiri mumajambulitsako zithunzi za pasipoti. K10,000 yawo ija ya chithunzi cha katundu ndinalipira osanenerera.

Pakauntala ndinapezapo mnyamata. Ndinatulutsa ndalama ziwiri, kobiri lija ndi ndalama imodzi ya mashileni awiri ya 1964, chilichonse m'kapepala kake, n'kumuuza kuti, "Achimwene, muzigwira m'mphepete mokha, pankhope musakhudze." Anati, "Musadandaule bambo, timajambula ngakhale mphete zaukwati." Anati chipinda chojambulira n'chopanikiza, ndidikire pa benchi. Ndinamvera.

Patadutsa mphindi mwina khumi ndi zisanu ndinamva fungo. Fungo la Brasso, polishi wa zitsulo uja, ndimalidziwa, ndili mwana tinkapukutira zoikapo makandulo kutchalitchi. Mtima unangoti phwii. Ndinakankha chitseko osagogoda, n'kumupeza wagoneka kobiri la agogo pa kansanza, chala chili mkati mwa kansanza kena, akutikita mozungulira ndi mphamvu zake zonse. Mbali ya njovu ija inali itafiira psuu, ikunyezimira ngati waya wamagetsi wongosenda kumene. Kansanza kanali bii. Zakuda zimenezo sizinali litsiro, unali mtundu wa kobiri langa umene unatenga zaka zoposa 60 kuti ukhazikike.

Iye ankamwetulira. Anati, "Linali lakuda bambo, pa kamera silikanatuluka. Taonani mmene likuwalira tsopano."

Kwa amene simusonkhanitsa ndalama, mvetsani ichi. Polishi wa zitsulo sachotsa litsiro lokha, amadya chitsulo chenichenicho. Ndinatulutsa kagalasi kanga kokulitsira zinthu komwe ndimayenda nako, ndipo ndinaona timizere ting'onoting'ono tambirimbiri tozungulira pathupi pa njovu ndi pakati pa zilembo. Malo otukuka, makutu a njovu ndi nsonga za chisoti, ndi amene anadyeka kwambiri. Ndalama yopukutidwa osonkhanitsa saifuna, mtengo wake umagwa, ndipo ngakhale idzayambenso kuda imada mawangamawanga, timizere tija sitichoka mpaka kalekale. Ndinamufotokozera zimenezi manja akunjenjemera.

Yankho lake ndi limene landikhala pamtima mpaka lero: "Koma bambo, si kobiri chabe? Silingagule ngakhale bokosi la machesi."

Apo ndinakweza mawu. Anthu amene ankadikira zithunzi za pasipoti anaimirira kudzasuzumira. Mnyamatayo anangopinda manja n'kuyang'ana kudenga, ngati wolakwa ndine. Munthu ndakuuza ndi pakamwa panga kuti pankhope usakhudze, wavomera, kenako ukatenge polishi osabwera n'kudzandifunsa? Benchi inali pafupi, masitepe atatu okha kuchokera pachitseko.

Phokosolo ndi limene linatulutsa mwini malowo, mayi wachikulire ndithu. Ndinene zoona, kuyambira pamenepo zinthu zinasintha. Sanayambe ndi kuikira kumbuyo mnyamata wawo. Anatola kobirilo ndi zala ziwiri m'mphepete, ine ndisanawauze, n'kulitembenuza kangapo pansi pa nyale. Anati, "Pepani bambo, talakwa ndife. Mwanayu ndinamuphunzitsa kupukuta mphete ndi mawotchi asanajambule, koma sindinamuuze kuti ndalama zakale ndi nkhani ina." Anandibwezera K10,000 yanga pomwepo ndisanaipemphe. Kenako anandionetsa kuti mbali inayo, yolembedwa RHODESIA AND NYASALAND, ONE PENNY ndi chaka, polishi sanafikeko kupatula pang'ono m'mphepete. Anandipempha kuti ndilole ajambule okha, ine ndili momwemo.

Ndinatsala pang'ono kukana. Ndinakhala chifukwa cha mmene anagwirira kobiri lija.

Mayiwa ntchito amaidziwa. Anazimitsa nyale ya kudenga, nayala kansalu kakuda patebulo, naika kamera pa choimikira kuti iyang'ane pansi molunjika. Nyale anagwiritsa ntchito imodzi yokha, yotsika, yowalira chammbali, ndipo mbali inayo anaimika pepala loyera kuti mthunzi usade kwambiri. Anati kuwala kukachokera kutsogolo ndalama imaoneka yafulati, koma kukadzera chammbali chilembo chilichonse chimadzuka ndi mthunzi wake. Ankasuntha nyaleyo pang'onopang'ono, kujambula, kuyang'ana pa kompyuta, kusunthanso. Chithunzi chitatuluka, 1957 inkaoneka ngati ungaikhudze ndi chala, ndipo mtundu wa khofi uja unali weniweni, osati wofiira kapena wakuda mopitirira. Pabowo pankaoneka kansalu kakuda, moti kobiri linkakhala ngati likuyandama.

Anajambulanso mashileni awiri aja. Ndalama imeneyi ndakhala nayo zaka zambiri, koma makwinya a pakhungu la njovu yaikazi ndi mwana wake ndinawaona bwino koyamba tsiku limenelo pa kompyuta yawo. Anandifunsa chifukwa chake njovuzi zikufanana ndi za pa 20 tambala imene ankaidziwa ali mtsikana. Ndinawafotokozera kuti kwacha itabwera mu 1971 paundi imodzi inasanduka K2, ndiye shileni inakhala 10 tambala ndipo mashileni awiri 20 tambala, choncho chimanga ndi njovu zinangosamukira pa ndalama zatsopanozo. Anamvetsera mwachidwi, mpaka anaitana mnyamata uja kuti amve nawo. Iye anaimirira pachitseko, osalowa.

Zinthu ziwiri zing'onozing'ono zimene anachita ndi zofunika kwa aliyense wofuna chithunzi chotere. Choyamba, anasiya mpata wakuda kuzungulira ndalama, chifukwa WhatsApp imadula chithunzi mozungulira, ndipo ukadzaza ndalama mpaka m'mbali zilembo za m'mphepete zimadukako. Anandiuza kuti ndiyese pa foni pomwepo, R wa RHODESIA anali pafupi kwambiri ndi malire, nakonzanso. Chachiwiri, ananditumizira ngati dokyumenti, osati ngati chithunzi wamba, kuti chisafooke potumiza.

Anandiuzanso kuti angathe kujambula mbali ya njovu n'kuidetsa pa kompyuta kuti ioneke mmene inalili. Ndinakana. Anzanga akanaona mtundu umene kulibenso, ndipo tsiku lodzaligwira kobirilo m'manja akanadziwa kuti ndinawanamiza. Ndinkafuna njovu, koma ndaika mbali ya chaka. Mnzanga wina anandifunsa dzulo chifukwa chake ndasankha mbali imeneyo, ndinamutumizira chithunzi cha mbali yofiirayo, anangoyankha kuti "pepani."

Nyenyezi ziwiri ndachotsazo ndi za mnyamatayo. Mpaka ndimatuluka sanapepese ndi pakamwa pake, ndipo nditadutsa pakauntala anayang'ana pa foni yake. Kulakwitsa chifukwa chosadziwa ndikanakhululuka msanga, koma mawu a bokosi la machesi aja ayi. Masitepe okwerera kumeneko alinso ndi mdima, ndipo risiti sapereka pokhapokha uumirire.

Kwa anzanga osonkhanitsa: pitani, koma funsani mayiwo, osati wina aliyense. Lowani nawo m'chipinda ngakhale akuuzeni kuti n'chopanikiza, ndipo ndalama muziiika patebulo ndi dzanja lanu. Ine ndibwererako mwezi wamawa ndi ndalama zisanu za 1971, kuyambira 1 tambala mpaka 20 tambala, ndipo ndidzayamba ndaimba foni kufunsa ngati mayiwo alipo. Kobiri la agogo ndalibwezera m'kapepala katsopano, mbali ya njovu ndaiyang'anitsa pansi.