Tabuleti ndi foni pa kutentha kwa ku Chigwa cha Shire kuno, ndemanga yanga

Amene mumafunsa ngati tabuleti ndi foni zimatentha ukazipanikiza ndi ntchito, eya zimatentha zonse, koma sizitentha mofanana ayi. Ine ndili ku Bangula, ndinagula tabuleti ya mainchesi 10 yolowa simu ndi foni ya Android ya batire ya 5000 mAh, zonse za mtengo wapakatikati osati zodula zija. Zadutsa nane nyengo yozizira mpaka Okutobala ndi Novembala yense, nde zomwe ndikulemba apazi ndi zomwe dzanja langa lamva lokha.

Ndiyambe ndi tabuleti poti ndi imene yandisangalatsa. Masana ndimalembapo za banki mkhonde yathu, madzulo ana amaonerapo makatuni pa YouTube, usiku timaikapo mpira. Mpira wonse mpaka kutha imangofunda kumsana chakumtunda pafupi ndi kamera, kwinako konse bwinobwino ukhoza kuigwira osadandaula. Chifukwa chake n'chosavuta, thupi lake ndi lalikulu nde kutentha kochokera mu pulosesa, kachipangizo kamkati kamene kali ngati ubongo wake, kumapeza pomwazikira. Kumsana kwake ndi kwachitsulo ndipo anthu ena akaigwira amati iii ikuwotcha, koma chitsulocho ndi chimene chikutulutsa kutentha panja, pulasitiki amasunga mkati. Pokhapo pamene ndaiona ikuvutika ndi ana akaika magemu aakulu aja a galimoto masana m'nyumba ya malata, apo imayamba kudukizadukiza.

Foni ndiye nkhani ina. Pa WhatsApp ndi kuimba wamba ilibe vuto, batire imakhalitsa mpaka usiku, pamenepo ndiiyamikire. Koma yatsani hotspot kuti ena alumikize, muilumikize ku chaja, kenako achimwene a ku Johannesburg aimbe video call, mphindi zochepa chabe kumsana kwayamba kuwotcha ngati mbale ya nsima yongopakula kumene. Sikirini imadzichepetsa kuwala yokha, zithunzi zimayamba kuima, kutchaja kumaima ngakhale chingwe chili pomwepo, ndipo nthawi zina imalemba uthenga woti yatentha kwambiri idikireni izizire. Ndinaika kapulogalamu kowerenga kutentha kwa batire, pa nthawi ngati imeneyo kamaonetsa madigiri 44 kapena 45, pomwe m'mawa kusanatenthe imakhala cha m'ma 30. Tsiku la chinkhoswe cha mwana wa achemwali ku Tengani ndimajambula vidiyo panja, kamera inadzitsekera yokha pakati pa mwambo, ankhoswe akulankhula, zinandipweteka mtima kwambiri chifukwa zimenezo sizibwerezedwa.

Komatu musathamangire kunena kuti foni yafa kapena ndi yabodza. Kuchedwa kujaku imachita dala, ikaona kuti mkati mwatentha imachepetsa liwiro la pulosesa kuti isapse, mafoni onse amakono amatero ngakhale odula omwe. Foni ilibe fani ngati laputopu, imadalira mpweya wozungulira kuti uchotse kutentha. Apa nde pali vuto lathu lenileni a ku Chigwa. Makampani ngati Apple ndi Samsung amalemba okha kuti zipangizo zawo zizigwira ntchito pamalo otentha pakati pa madigiri 0 ndi 35. Nanga kuno? Ku Ngabu, Nsanje, Nchalo, Chikwawa, nyengo ya chilimwe kumapitirira 40 masana, ndiye kuti foni usanaiyatse n'komwe yadutsa kale malire ake, mpweya woti uiziziritsewo ndi wotentha kale. N'chifukwa chake munthu wa ku Dedza kapena ku Mzuzu akakuuzani kuti yanga siitentha, sakunama, koma mawu akewo musagulire foni yodzagwiritsa ntchito ku Makhanga.

China chimene ambiri sadziwa ndi netiweki. Timizere ta netiweki tikatsika kufika kamodzi kapena tiwiri foni imalimbana kwambiri kufunafuna nsanja, ndipo kulimbanako kumadya batire ndi kutulutsa kutentha. Ndaona ndekha, pa tawuni pano pomwe netiweki ili yodzaza kutsitsa vidiyo sikuitenthetsa kwenikweni, koma ndikapita kumudzi kufupi ndi dambo la Elephant Marsh imafunda ili m'thumba osaigwira n'komwe. Onjezanipo dzuwa, sikirini imakwera kuwala mpaka kumapeto kuti uone, nako ndi kutentha kwina. Anyamata a kabaza wa njinga zamoto amene mumamangirira foni pa handulo tsiku lonse, mukuipha pang'onopang'ono.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine si dzanja kupsa koma batire. Mabatire amenewa ndi a lithium ndipo kutentha kumawakalambitsa msanga, batire yoti ikanakutumikira zaka imayamba kutha moto pofika masana. Ikafika potupa mpaka kukankha chivundikiro kapena sikirini, chonde siyani kuitchaja, osaiboola, osaipanikiza ndi labala, kasinthitseni. Ena amaopa kuti foni ikatentha iphulika pokumbukira Galaxy Note 7 ija inachotsedwa pamsika mu 2016, koma ija linali vuto la kapangidwe ka batire yake, si kuti foni iliyonse yofunda ili pafupi kuphulika. Yoopsa ndi yotupa, kapena yotentha ili chikhalire osaigwiritsa ntchito osaitchaja.

Dandaulo langa kwa amene anandigulitsa ndi kava. Anandipatsa yaulele yalabala yokhuthala bwino, yooneka bwino, koma imasunga kutentha koopsa, ndikaivula foni imazizira msanga moonekeratu. Bwanji osamawauza makasitomala zimenezi, poti mukudziwa kuti katunduyu akupita kotentha? Chaja yake yothamanga ija nayonso imatenthetsa, masana ndinasiya kuigwiritsa ntchito.

Panopa ndimatchaja usiku kapena m'mamawa, kava nditavula, foni ili pansi pa simenti osati pa matilesi kapena pansi pa pilo. Amene mumatchajira sola, panelo ikhale padzuwa koma foni ilowe mumthunzi, ndimaona anthu ayala zonse pamodzi padenga ndipo zimandimvetsa chisoni. Hotspot ndinaisamutsira ku tabuleti poti imalowa simu ndipo imapirira. Ikatentha osaiponya mu filiji kapena m'bokosi la ayisi wa mafiriziz, kuzizira kwadzidzidzi kumapangitsa chinyezi mkati ndipo mwawonjezera vuto lina, ingoizimitsani sikirini muisiye pamthunzi podutsa mphepo.

Tabuleti ndikuipatsa nyenyezi 4 pa 5, ndachotsa imodzi chifukwa imachedwa kudzaza. Foni 3, ndi yabwino kwa munthu wongoimba ndi kucheza, koma wa bizinesi amene hotspot ndi kamera siziima tsiku lonse ayang'ane ina. Ndipo mukamagula musachite manyazi, apempheni ogulitsawo ayatse kamera ijambule vidiyo kwa mphindi 10 pomwepo mushopu, kenako muigwire kumsana musanatulutse ndalama.