Equality Court ya ku Joni, ineyo ndikuyipatsa 4 pa 5

Abale anga amene muli kuno ku South Africa, khothi iyi ambiri sitikuyidziwa koma ndi yathu yomwe. Inakhazikitsidwa ndi lamulo la chaka cha 2000 loletsa tsankho, kuzunza anthu komanso mawu achidani, ndipo simufunika kupita kutali ayi chifukwa imapezeka pa magistrate court pomwepo. Mumangofunsa kalaliki wa Equality Court basi.

Ine ndinaperekeza mchemwali wanga amene landilodi wake ankamutukwana kuti kwerekwere (mawu onyozera alendo) pamaso pa ana, mpaka kumutsekera madzi iye yekha pamene matenanti enawo akutunga bwinobwino. Chomwe chinandisangalatsa, sitinalipire ngakhale randi imodzi, loya sanafunike, tinangolemba fomu yodandaulira yotchedwa Form 2 kufotokoza zomwe zinachitika ndipo kalaliki anatithandiza pomwe chizungu chinkavuta. Pepala lija amakalipereka kwa munthu amene mukumudandaulayo kuti ayankhe. Khothi ili ndi mphamvu yolamula kuti apepese, asiye khalidwelo kapena alipire chipukuta misozi, ndipo sizocheza, mayi wina wachizungu dzina lake Penny Sparrow mu 2016 analamulidwa kulipira R150,000 chifukwa chonyoza anthu akuda pa Facebook.

Nde imodziyo ndachotseranji? Mu lamulomo analemba mtundu, khungu, chilankhulo, chipembedzo ndi zina, koma dziko lomwe munthu wachokera sanaliyike pamndandanda waukuluwo, ndiye mlendo umafunika ufotokoze bwino kuti akumve, ndipo zimenezi zimandiwawa chifukwa ife timazunzidwa pa chifukwa chomwecho. Mu 2008 anthu 62 anaphedwa pa ziwawa zodana ndi alendo, mu 2015 ku Durban boma la Malawi linachita kutumiza mabasi kudzatenga anthu ake, sikuti vutoli ndi lachilendo. Chinanso, amene mapepala ake sali bwino amaopa ngakhale kuponda pakhomo la khothi, ndiye ozunzidwa kwambiri ndi omwe safikako.

Ngati akumenyani kapena kukuwotcherani katundu imeneyo ndi ya polisi, katseguleni kesi, khothi iyi simanga munthu. Koma zotukwanidwa, kukanizidwa nyumba, kubwezedwa pa shopu, pitani. Sungani mameseji a pa WhatsApp, ma voice note, lembani tsiku lomwe zachitika ndipo tengani mboni ngati ilipo. Mukasowa poyambira a South African Human Rights Commission, bungwe loona za ufulu wa anthu, amalandiranso madandaulo mwaulere.