Hilux ya 2013 pa misewu ya chisanu ku Deeside: nyengo zozizira zitatu ndili nayo

Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba m'makomo mwawo, kumidzi ya dera la Deeside, pakati pa Aboyne, Ballater ndi Braemar kuno ku Scotland. Agogo amene akudikira mankhwala a m'mawa sungawauze kuti lero kwagwa sinowo, tionana mawa. Chaka changa choyamba, kagalimoto kanga katalephera kukwera kamtunda kopita pafamu ina, ndinamaliza ulendowo wapansi, chikwama kumsana, ndipo ndinapeza mayi wachikulire atakhala mumdima akundiyembekezera. Tsiku lomwelo ndinayamba kusunga ndalama ya pikapu ya 4x4. Mu 2022 ndinagula Toyota Hilux ya 2013, ya injini ya dizilo ya 3.0 D-4D, itayenda kale mamailosi 118,000.

Ine ndinakulira ku Dedza, ndipo dzina la Hilux silinali lachilendo. Ndi galimoto imene timaiona ndi mabungwe ndi alangizi, ikudula matope a mu Febuluwale pamene zina zatitimira. Kwathu tikamagula galimoto timatchera khutu ku injini, kuona utsi, kugwedeza chiwongolero. Kunsi sitisuzumirako kwenikweni, chifukwa dzimbiri silitivuta. Kuno nkhani imayambira kunsi komweko. Nyengo yozizira yonse magalimoto a khonsolo amawaza mchere m'misewu kuti madzi asaundane, ndipo mcherewo umadya chitsulo mwakachetechete.

Pikapu yoyamba imene ndinakaiona inali ya mtundu wina, yonyezimira, mipando yake ngati yatsopano. Mtima unali utagwa kale. Mwamwayi ndinapita ndi achimwene ena a kutchalitchi amene ndi makaniko. Iwo sanatsegule n'komwe boneti. Anayala katoni pansi, nagona chagada, tochi mkamwa, kanyundo m'manja. Atagogoda chasisi pafupi ndi pamene pamangidwa masipulingi akumbuyo, panayoyoka makoko a dzimbiri ngati mbaula yogonera panja dzinja lonse. Pamwamba pa dzimbirilo anali atapakapo utoto wakuda, watsopano. "Mlongo, tiyeni tizipita," anatero akudzisasa. Hilux imene ndili nayoyi anaigogoda chimodzimodzi, kutsogolo mpaka kumbuyo, ndipo chitsulo chinkalira ngwee paliponse. Dzimbiri linalipo, koma lapamwamba lokha.

Musanawononge mafuta kupita kukaona galimoto, lembani nambala yake pa tsamba la boma la GOV.UK loonera mbiri ya MOT, kuyeza galimoto kwa chaka ndi chaka koona ngati ili yoyenera kuyenda pamsewu. N'zaulere. Mumaona mamailosi a chaka chilichonse ndi zonse zimene oyeza analemba. Mawu akuti corrosion, kutanthauza dzimbiri, akamabwerabwera chaka ndi chaka, makamaka pa chasisi kapena pa mapaipi a mabuleki, isiyeni. Funsaninso ngati lamba wa timing anasinthidwa, pakuti injini iyi imayendera lamba osati tcheni, ndipo aonetseni risiti, osangomva pakamwa.

Pa sinowo galimotoyi yandigwirira ntchito koposa mmene ndinkayembekezera, koma mlungu woyamba inandiopsa. Inabwera ndi matayala a zibowo zikuluzikulu, amene kwathu tikanawatamanda kuti awa ndiye a matope. Pa mtsetse wina, m'mawa kutaundana, ndinaponda buleki pang'ono chabe, galimoto n'kumangoseseleka mpaka inakaima mu udzu wa m'mbali mwa msewu. 4x4 imathandiza ponyamuka ndi pokwera mtunda. Poima, matayala anayi omwewo ndi amene ali pansi, ngati galimoto ina iliyonse, ndipo iyi ndi yolemera pafupifupi matani awiri. Ndinasintha onse anayi, n'kuika okhala ndi chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu lokhala ndi kanyenyezi ka sinowo mkati. Labala wake sauma kukazizira pansi pa madigiri 7. Ndalama zinapita zambiri, koma kuyambira pamenepo ndi galimoto ina. Ndinaphunziranso kuti nzeru ya m'matope, yoponda moto kuti usatitimire, pa ayezi ndi yokupha nayo. Apa chilichonse ndi pang'onopang'ono, kutsika mtsetse ndi giya yotsika, phazi kutali ndi buleki.

Kumbuyo kwa pikapu yopanda katundu n'kopepuka, ndipo kagiya ka 4x4 kakakhala pa H2, poyendera masiku onse, matayala akumbuyo okha ndi amene amakoka. Pokhota pakaterera, mchira umafuna kutsogola. Ndimaikamo matumba anayi a mchenga pamwamba pa matayala akumbuyo, omangidwa bwino kuti asathamangire kutsogolo, kuyambira Novembala mpaka Malichi. Mchenga womwewo ndinauwazapo kale pakhomo pa agogo ena pamene masitepe anali ngati galasi.

Chimene chimandivuta tsiku ndi tsiku ndi kagiya kakang'ono kaja ka H2, H4 ndi L4 (mu H4 ndi L4 matayala onse anayi amakoka, L4 mwamphamvu koma pang'onopang'ono). Mu H4 matayala akutsogolo ndi akumbuyo amamangidwa pamodzi, choncho sungayende nayo pa phula louma, zitsulo zimakokana ndipo pokhota galimoto imanjanja. Koma misewu ya kuno imasinthasintha: apa pali dzuwa n'pouma, pansi pa mitengo pali ayezi, kenako pouma. Dzanja limakhala pa kagiyako m'mawa wonse. Mitsubishi L200 yokhala ndi Super Select imalola kuyenda ndi matayala onse anayi ngakhale pouma, ndipo kwa munthu woyenda kwambiri pa msewu waukulu wa kuno wa A93 chimenechi ndi chachikulu. Ndinaiganizira ndithu. Ndinatsalira ku Hilux chifukwa imene ndinaipeza ndi imene inali yolimba kunsi.

Mafuta imamwa, zimenezo musadabwe nazo. Mkati mumachedwa kufunda, ndipo maulendo anga aafupiafupi, khomo ili ndi ilo, sagwirizana ndi sefa ya utsi yotchedwa DPF, imene imafuna injini itenthe kuti mwaye upse. Ndiye kamodzi pa mlungu ndimaithamangitsa ulendo wautali. Chinanso chimene ndikanakonda wina akanandiuza msanga: kuyambira mu Juni 2024, pakatikati pa mzinda wa Aberdeen salola magalimoto a dizilo osafika pa muyezo wa utsi wotchedwa Euro 6, ndipo chindapusa choyamba ndi mapaundi 60. Yanga ndi ya Euro 5. Glasgow, Edinburgh ndi Dundee nawonso ali ndi lamulo lomweli. Ngati mumalowa m'tauni pafupipafupi, yang'anani ya zaka zam'tsogolo.

Kudzuka kwake m'mawa ndiye sindinganene choipa. Braemar ndi malo amene mu 1982 kunazizira mpaka madigiri 27.2 pansi pa ziro, ndipo ngakhale ine sindinaone zofika apo, ndaonako m'mawa woti chitseko chimakana kutseguka. Ndimatembenuza kiyi, kudikira kanyali kooneka ngati sipulingi, kosonyeza kuti injini ikufunditsidwa, kazime, kenako kuliza. Batire ndinasintha kamodzi, chaka chachiwiri, lisanandikhumudwitse.

Pali malire ake. Apolisi akatseka mageti a sinowo pa msewu wa ku Glenshee kapena wa Cock Bridge kupita ku Tomintoul, palibe 4x4 imene imadutsa, ndipo ine sindiyesa. M'galimoto mumakhala fosholo, bulangete, tochi ndi fulasiki ya tiyi.

Mu Januwale wapitayu ndinabwerera pafamu ija ya kamtunda, sinowo atafika m'mawondo usiku umodzi. Ndinaika L4, giya yachiwiri, n'kukwera ngati munthu woyenda wapansi, mpaka pakhomo penipeni. Mayi aja anali pazenera. Nditalowa anandigwira dzanja, nati lero manja ako ndi ofunda.