Kiliniki ya mbewu ya pamsika: munyamule chomera chonse, ndi mizu yomwe

Ndimalima tomato kudimba kuno ku Ntcheu. Chilimwe chathachi anayamba kufota mwachilendo. M'mawa ali chilili, masana masamba ali lende ngati sanathiriridwe, chikhalirecho nthaka ndi yonyowa. Pakapita masiku atatu kapena anayi chomera chagoneratu, masamba akadali obiriwira, opanda banga lililonse. Kusitolo ina ya zaulimi anandigulitsa mankhwala opopera a Dithane osandifunsa n'komwe kuti chikuchitika n'chiyani. Ndinapopera kawiri, mzere wina n'kuyambanso.

Alamu anga ndi amene anandiuza za kiliniki ya mbewu yomwe alangizi amachititsa tsiku la msika. Palibe zambiri: tebulo, ambulera, kampeni, kagalasi kokulitsira zinthu. Salipiritsa.

Mayi mlangizi amene anandilandira anayamba ndi mafunso. Pamalopo panali chiyani chaka chatha? Madzi amayenda bwanji? Nazale ndinafesa pati? Kenako anadula tsinde cha kumizu n'kuling'amba. M'kati munali moderako, osati moyera. Anathira madzi m'tambula ya galasi, n'kulenjeketsa kachidutswa ka tsinde kuti nsonga yodulayo ingomira pang'ono.

"Bambo, yang'anitsitsani, koma musagwedeze tebulo."

Patangopita mphindi zochepa, kuchokera m'tsindemo munayamba kutsika timaulusi toyera ngati mkaka, tikuyenda pang'onopang'ono ngati utsi. Ndinangoti kakasi. Anandiuza kuti amenewo ndi mabakiteriya, dzina lake Ralstonia, amene amakhala m'dothi, amalowera kumizu n'kutseka njira za madzi m'chomera. N'chifukwa chake chimafa ndi ludzu mizu ili m'chinyontho. Dithane ndi mankhwala abwino a matenda a fangasi monga chiwawu, koma pa kufota kotereku palibe chimene angachite, ndipo palibe mankhwala opopera amene angadzutse chomera chogwidwa kale.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti sanandigulitse kanthu. Anandilembera pakapepala: zulani zodwala zonse ndi dothi la kumizu, kaotcheni kutali, osataya m'ngalande. Khasu ndi mpeni muzitsuka ndi Jik. Pamalopo pasabwere tomato, kachewere, tsabola, mabiringano kapena fodya kwa zaka zingapo, koma chimanga. Apa m'pamene ndinazindikira kulakwa kwanga: madzi ndimathirira kuchokera kumtunda kumene kunali kachewere, ndiye matendawo ndimawatsitsa ndekha bedi ndi bedi.

Ndili pamzere ndinaphunziranso za kabichi wa amayi ena. Masamba ake anali ndi chikasu choyambira m'mphepete, chosongokera m'kati ngati chilembo cha V, timitsempha titada. Amenewonso ndi mabakiteriya, koma a mtundu wina, ndipo nthawi zambiri amabwera ndi mbewu yogula kapena yosunga.

Chondidandaulitsa n'chakuti alangiziwa sabwera msika uliwonse, pomwe matendawa sadikira, ndipo mzere umatalika. Mukalawire. Mnyamata wina anabwera ndi tsamba limodzi louma m'thumba la malaya, anamubweza kuti akazule chomera chonse chongoyamba kufota.

Kumunsi kwa dimba langa pano kuli chimanga. Tambula ndinagula yangayanga, imakhala m'chisakasa, ndipo sabata yatha ndinayezera nayo kachewere wa achimwene oyandikana nawo dimba. Timaulusi tija tinatsikanso.