Kalasi ya Chingerezi ya madzulo ku Area 25: nyenyezi 4 mwa 5

Ndine mlonda pa kampani ina ku Kanengo, ndipo malipoti timalemba m'Chingerezi. Tsiku lina lole ikubwerera m'mbuyo inagunda geti, ine n'kulemba kuti "the truck beat the gate". Abwana anaseka mpaka misozi, ati kodi loleyo inatenga chikoti? Manyazi amenewo ndi amene anandipititsa ku kalasi imeneyi, ndipo pano ndatha miyezi itatu.

Aphunzitsi ake ndi mayi wopuma pantchito, ndipo sathamanga. Nkhani ya kumenya yokhayi tinakhalapo masiku awiri. Anayamba ndi kutifunsa ife: kugunda, kukwapula, kutibula ndi kugogoda n'chimodzimodzi? Tonse tinati ayi. Ati nanga Chingerezi mukufuna chikhale ndi liwu limodzi bwanji?

Hit ndi kamodzi kokha, phaa, kaya mwadala kaya mwangozi. Lole ija inachita hit. Beat ndi kumenya mobwereza, ngati mmene amachitira woimba ng'oma, komanso ndi kugonjetsa. Pamene Flames inachinya Zimbabwe 2-1 ku Cameroon mu 2022, azungu amati "Malawi beat Zimbabwe", chonsecho palibe anatupa diso. Punch ndi chibakera, slap ndi mbama, kick ndi theche, knock ndi kugogoda pachitseko. Izi sizinavute.

Imene inandizunguza mutu ndi strike. Ine ndinkangodziwa sitiraka, ija yonyanyala ntchito. Kani ndi mkulu wake wa hit, koma wovala suti, wokonda za m'nyuzipepala ndi kukhoti. Mphezi ikawomba mtengo, ndi strike. Kukhwatcha machesi, strike. Ndipo ikakhala ya dzulo imasanduka struck, osati striked, pomwe hit lero ndi dzulo sasintha. Amayiwa anatibwerezetsa mokweza ngati ana a sitandade 3, ife amadevudevu.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa ziwiri. Mapepala amene amatipatsa ndi osaoneka bwino, inki yotuwa, ndiye magetsi akazima mumawerenga ndi tochi ya foni maso ali psuu. Chachiwiri, sabata imene ndili pa naiti ndimaphonya makalasi, koma ndalama ndimalipira ya mwezi wonse. Akanaika tsiku lobwereza Loweruka, ambiri a mashifiti tikanapindula.

Lachiwiri lapitali wakabaza wina anagunda mpanda wathu. Ndinalemba "a motorcycle hit the fence". Abwana anawerenga, n'kungosaina.